Asilikali opuma akufunika nyumba yawoyawo, osati mwambo wa mu Novembala wokha

M'chaka cha 1907 mfumu ya dziko la Britain, Edward VII, inatsegulira nyumba ina pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Waterloo mumzinda wa London, ndipo nyumbayo inapatsidwa dzina loti Union Jack Club. Ganizo loimanga linachokera kwa mayi Ethel McCaul, namwino amene anasamalirapo asilikali ovulala pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu ku South Africa. Mayiwa atabwerera kwawo anaona chinthu chimene sichinawakhalire bwino: akuluakulu a asilikali anali ndi makalabu awo kumene ankadya, kugona ndi kucheza mwaulemu wonse, pamene msilikali wamba akatsika sitima ku Waterloo analibe kolowera, ankangoyendayenda m'misewu ndi chikwama chake mpaka kukathera m'nyumba za mowa. Kalabu imeneyo ikadalipo mpaka lero, ndipo eni ake akadali omwe aja, asilikali a maudindo apansi, amene ali pantchito ndi amene anapuma, pamodzi ndi mabanja awo. Chaka chomwecho Major Arthur Haggard anayambitsa kalabu ina imene tsopano imatchedwa Victory Services Club, pafupi ndi Marble Arch, ndipo iyoyo imalandira msilikali wa udindo uliwonse, kuphatikizapo ochokera m'mayiko a Commonwealth, gulu limene dziko la Malawi lilimo.

Anthu ambiri akamva za makalabu otere amaganiza za malo a anthu odzipatula, kumene pakhomo pamaima mlonda wofunsa khadi, ndipo mkatimo madoda amangokhalira kumwa ndi kudzitama ndi nkhani zakale. Makalabu ena anafikadi pamenepo. Komabe ndikukhulupirira kuti ganizo lenilenilo ndi labwino, kuti khomo lotsekedwa kwa anthu wamba lili ndi chifukwa chomveka, komanso kuti asilikali opuma a kuno kwathu akusowa nyumba yotereyi kuposa nkhata za maluwa zimene timaika pa zipilala za ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu kamodzi pachaka.

Tiyenera kuyamba taganizira chimene msilikali amataya tsiku limene wabweza yunifomu. Mphunzitsi akapuma pantchito amakhalabe pakati pa anthu omwe ankakhala nawo, amapita ku tchalitchi kapena ku mzikiti womwe uja, ndipo ana amene anawaphunzitsa amamupatsa moni pamsika. Msilikali sizili choncho. Munthu amene analowa ntchito ali mnyamata wakhala zaka zake zonse zamphamvu ku Cobbe, ku Kamuzu, ku Moyale kapena ku Salima, kumene nyumba, chipatala, sukulu ya ana, kantini, ngakhale timu yampira yoichemerera, kaya ndi Red Lions, Kamuzu Barracks, Moyale Barracks kapena MAFCO, zonse zinali mkati mwa mpanda umodzi. Akapuma amabweza nyumba, n'kukweza katundu ulendo wa kumudzi kumene anachoka zaka makumi awiri kapena atatu zapitazo, kumene anzake a ubwana anabalalika ndipo munda wa makolo anagawana kale amene anatsala. Mkazi wake naye amasiya amayi anzake amene ankathandizana nawo pa matenda, pa maliro ndi pa nthawi zija amuna onse anali kunja kwa dziko. Penshoni, ikabwera pa nthawi yake, imagula ufa ndi feteleza, koma siibwezeretsa anthu amene munthu anazolowera kudzuka nawo.

Palinso katundu wina amene ena mwa iwo amabwera naye, wosaoneka ndi maso. Kuyambira mu 2013 asilikali a Malawi akhala akutumikira kum'mawa kwa dziko la Democratic Republic of Congo m'gulu la United Nations limene linapatsidwa mphamvu zomenyana ndi zigawenga, osati kungolondera mtendere. Mu Novembala 2018 asilikali athu 6 anaphedwa pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za ADF kufupi ndi tauni ya Beni, ndipo mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anafa atapulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania amene anavulala, moti chaka chotsatira banja lake linakalandira m'malo mwake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, imene United Nations imapereka chifukwa cha kulimba mtima kwapadera. Mu Januwale 2025 asilikali ena 3, amene anali m'gulu la SADC, anaphedwa pomenyana ndi zigawenga za M23. Mayina a omwalirawo tinawamva pa wailesi. Koma pa msilikali aliyense amene anabwera m'bokosi pali anzake ambiri amene anali naye m'nkhalango tsiku limenelo, amene ananyamula mtembo wake, ndipo anabwerera kuno ali amoyo. Anthu amenewa sangakhale pansi n'kufotokozera mkazi wawo kapena mkulu wampingo zonse zimene anaona, ndipo akadzidzimuka kutulo usiku kapena akayamba kupsa mtima ndi zinthu zazing'ono, apabanja amangoti bambo asintha, mwina awalodza, mwina ndi mowa.

Apa ndi pamene ndikuona kufunika kwa khomo lotsekedwa. Kumudzi palibe amene amadandaula kuti m'chikuta mumalowa amayi okhaokha odziwa za uchembere, chifukwa aliyense amamvetsa kuti pali zinthu zimene munthu amazinena momasuka pamaso pa okhawo amene anadutsamo. Kalabu si chipatala, ndipo singalowe m'malo mwa madokotala a ku Zomba Mental Hospital kapena a St John of God. Koma msilikali amene sangapite yekha kukaima pamzere wa odwala matenda a maganizo angathe kumvera sajeni wake wakale akamutengera pambali n'kumuuza kuti naye zinamuchitikirapo, ndipo mawa apitire limodzi kukaonana ndi dokotala. Zimenezi sizingachitike m'malo omwera mowa a pa tauni, kumene aliyense amene wagula botolo amafuna kumva ngati msilikaliyo anaphapo munthu.

Chitsanzo chimene chili pafupi ndi ife ndi bungwe la Memorable Order of Tin Hats, lodziwika ndi dzina lachidule loti MOTH, limene linayambitsidwa mu 1927 mumzinda wa Durban ndi Charles Evenden, msilikali wa nkhondo yoyamba ya dziko lonse amene ankajambula zithunzi zoseketsa m'nyuzipepala ya Natal Mercury. Bungweli linaima pa mfundo zitatu, ubale weniweni, kuthandizana ndi kusaiwala anzawo amene anafa, ndipo nthambi zake zinafalikira m'matauni a South Africa mpaka kudutsa malire kulowa m'mayiko oyandikana nawo. Chimene ndimachilemekeza pa bungweli n'chakuti kucheza sikunathere pa kucheza: mamembala anamanga timanyumba togonamo asilikali okalamba ndi akazi amasiye, ankayendera odwala, ndipo pa misonkhano yawo udindo umene munthu anali nawo kunkhondo sunkawerengedwa. Koma sitingabise kuti kwa zaka zambiri nyumba zimenezi zinali za azungu, monganso mmene inalili Zomba Gymkhana Club m'masiku a atsamunda, kumene akuluakulu achizungu a Keyala (King's African Rifles, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda) ankapumulirako pamene asilikali akuda amene ankawalamulira sakanatha kukhala mamembala.

Tsankho limeneli linali lolembedwa ngakhale m'mabuku a ndalama. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndalama yothokoza imene boma la Britain linkapereka kwa msilikali wamba wachizungu inali mashilingi 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene msilikali wakuda wa udindo womwewo ankalandira mashilingi atatu ndi theka. Amuna a ku Nyasaland amene anamenya nkhondo ku Moyale m'malire a Kenya ndi Ethiopia mu 1940, ku Ethiopia, ku Madagascar ndi m'chigwa cha Kabaw ku Burma anabwerera kumudzi ndi kandalama kameneko, ndipo palibe amene anawamangira kalabu. Makolo awo a nkhondo ya Chiwaya, ija yoyamba ya dziko lonse, makamaka amtengatenga amene anasenza katundu wa asilikali mpaka ambiri kufera m'njira ndi njala ndi matenda, anabwerera opanda kanthu kuposa pamenepo.

Chochititsa chidwi n'chakuti anthuwo sanakhale pansi kudikira. Magule a beni ku Mangochi, malipenga m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, ndi mganda m'chigawo chapakati anakula ndi amuna obwera kunkhondo pamodzi ndi obwera ku migodi, ndipo kuguba kwake, mizere yake, zovala zake zochapidwa ndi kusitidwa bwino ndi maudindo ake zinatengedwa ku pelete ya asilikali. Gulu la malipenga linkatchedwa boma, linali ndi mfumu yake ndi akapitawo ake, mamembala ankasonkha ndalama, ankayenderana ndi maboma a midzi ina, ndipo mwamuna amene anaona dziko ankapezamo anzake omumvetsa. Choncho amene anganene kuti kalabu ya asilikali ndi chinthu cha ku London chimene sichingamere kuno sakuidziwa bwino mbiri yathu. Agogo athu anazichita kale pabwalo, alibe denga kapena thumba la ndalama la kubanki.

Lero tili ndi bungwe la Veterans and Ex-Service League of Malawi, limene chaka chilichonse limagulitsa maluwa ofiira a popi, ndipo mtsogoleri wa dziko amagula nawo duwa lake poyambitsa ntchitoyi. Ku Zomba kulinso nyumba zosungirako asilikali okalamba. Ntchito imeneyi ndi yoyamikika, koma maziko ake ndi m'badwo umene ukutha. Thandizo lochokera kunja kudzera ku Royal Commonwealth Ex-Services League, bungwe limene linakhazikitsidwa ku Cape Town mu 1921, limapita kwa okhawo amene anatumikira mfumu ya Britain dziko lawo lisanalandire ufulu, ndi akazi awo amasiye. Aliyense amene analowa usilikali pambuyo pa 6 Julayi 1964, kuphatikizapo amene analondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique ndi amene anapita ku Côte d'Ivoire ndi ku Congo, ndi wathu tokha, ndipo palibe mlendo amene adzamutumizira ndalama ya chakudya. Ambiri mwa anthu amenewa si nkhalamba zofuna kusungidwa. Ndi abambo ndi amayi amphamvu zawo, odziwa kuyendetsa ndi kukonza magalimoto, kumanga milatho, kusamalira odwala ndi kusunga katundu wa m'sitolo, ndipo chimene akusowa ndi malo okumaniranapo, kumene wina angamve kuti kwakutikwakuti akufuna dalaivala kapena kuti mnzawo wagonekedwa ku chipatala.

Ena adzafunsa kuti, m'dziko losauka ngati lathu, asilikali apatsidwirenji zapadera pamene anamwino, aphunzitsi ndi apolisi nawo amapuma pantchito n'kumavutika. Funsoli ndi loyenera, ndipo yankho langa lili pawiri. Pangano la msilikali ndi boma ndi losiyana ndi la wantchito wina aliyense, pakuti iye sangakane kupita kumene watumidwa ngakhale akudziwa kuti kuli imfa, sanganyanyale ntchito, ndipo alibe bungwe la apantchito lomulankhulira. Kachiwiri, chimene ndikunena pano si chakuti boma litenge msonkho wa mlimi wa fodya n'kumangira asilikali malo achisangalalo. Union Jack Club inamangidwa ndi zopereka za anthu, MOTH inadzimangira yokha, ndipo kalabu yathu iyeneranso kukhala ya mamembala ake, yoyendetsedwa ndi ndalama zimene iwo amasonkha mwezi ndi mwezi, zochepa kwa wa udindo wapansi ndi zochulukirapo kwa wa udindo waukulu, kuonjezapo zimene holo ingapeze pochititsa maukwati ndi misonkhano. Boma kapena khonsolo ikapereka malo omangapo, zakwanira.

Ndikulimbikira pa nkhani ya umwiniyi chifukwa cha zimene zinachitika ku Zimbabwe. Madandaulo a omenyera ufulu a dzikolo anali oona, pakuti ambiri anali pa umphawi wadzaoneni pamene ndalama za thumba lolipira ovulala pankhondo zinali zitadyedwa ndi akuluakulu. Mu 1997 bungwe lawo, motsogozedwa ndi Chenjerai Hunzvi, linakakamiza Pulezidenti Robert Mugabe kupereka madola a Zimbabwe 50,000 kwa aliyense, ndalama zimene sizinali m'ndondomeko ya chuma ya boma, ndipo pa 14 Novembala chaka chomwecho dola ya dzikolo inagwa mphamvu koopsa. Kuchokera pamenepo bungwelo linasanduka dzanja la chipani cholamula, ndipo kuyambira mu 2000 dzina la omenyera ufulu linayamba kumveka pamodzi ndi ziwawa za pa chisankho. Gulu lankhondo la Malawi lili ndi mbiri yabwino imene silinaipeze mwangozi: linalanda zida a Malawi Young Pioneers mu Disembala 1993, linaima ndi malamulo a dziko mu Epulo 2012 Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira, ndipo mu 2019 linateteza anthu ochita zionetsero m'misewu. Mbiri imeneyi ingathe kuonongekera m'kalabu ya asilikali opuma, tsiku limene wandale adzabwera ndi matumba a simenti ndi nsalu za chipani n'kupempha kuti amuna odziwa mfuti amuperekeze pa misonkhano yake. Malamulo a kalabu ayenera kukana mphatso ya chipani chilichonse kuyambira tsamba loyamba. Kulankhulira mamembala pa nkhani ya penshoni ndi chithandizo cha mankhwala n'kololedwa ndipo n'kofunika, monga mmene bungwe la asilikali opuma a ku United States la American Legion linalembera ndi kumenyera lamulo la G.I. Bill la 1944 limene linaphunzitsa asilikali mamiliyoni m'makoleji, koma kuvala mtundu wa chipani ndi nkhani ina.

Choopsa china ndi mowa ndi juga. Ku Australia bungwe la RSL linayamba mu 1916 pofuna kusamalira obwera kunkhondo, koma boma la New South Wales litaloleza makina a juga m'makalabu mu 1956, makalabu ambiri okhala ndi dzina la RSL anakula n'kusanduka nyumba zikuluzikulu za juga zolowa aliyense, moti asilikali opuma enieniwo akhala akudandaula kuti dzina lawo likugulitsa malonda pamene ndalama zofika kwa msilikali wovutika n'zochepa. Kuno kwathu, kumene kubetcha kwalowa kale pa foni ya aliyense, yesero limeneli lingabwere msanga, chifukwa malo ogulitsira mowa ndi makina a juga ndi njira yachidule yolipirira magetsi ndi mlonda. Sindikunena kuti m'kalabu musapezeke botolo, pakuti amenewa ndi anthu akuluakulu. Ndikunena kuti kalabu imene imadalira kuti mamembala ake aledzere kuti iyo ipeze ndalama ikudya anthu omwe inayenera kuwateteza, ndipo munthu amene akulimbana ndi zimene anaona ku Beni ndiye woyamba kugwa. Payenera kukhala masiku ndi zipinda zopanda mowa, kumene msilikali wachisilamu, wa mpingo woletsa mowa, mayi ndi ana ake angakhale momasuka.

Nkhani imene ndikuiona yaikulu kuposa zonse ndi yakuti ndani ali ndi ufulu wolowa. Makalabu a asilikali ali ndi chizolowezi choipa chotsekera kunja asilikali anzawo. Ku Australia ndi ku United States ambiri obwera ku nkhondo ya ku Vietnam anafotokoza kuti akuluakulu a nkhondo yachiwiri anawalandira ndi nkhope zozizira, ngati kuti nkhondo yawo sinali nkhondo, ndipo makalabuwo anadzazindikira mochedwa kuti anathamangitsa m'badwo umene ukanawalowa m'malo. Kuno mzere wogawanitsa ungakhale wa udindo. Kubalaki n'koyenera kuti akuluakulu akhale ndi mesi yawo, masajeni yawo, ndi asilikali wamba kantini yawo, chifukwa mwambo wa ntchito umafuna zimenezo. Koma anthu akapuma, kolonelo ndi praiveti ayenera kukhala ndi voti imodzi aliyense, ndipo mpando wa wapampando usakhale cholowa cha amene anali ndi nyenyezi paphewa. Amene anaphika, amene anayendetsa ambulansi ndi amene sanatumidwepo kunja kwa dziko nawonso analumbira lumbiro lomwelo. Asilikali aakazi, amene tsopano alipo ndithu m'gulu lathu lankhondo, alowe ngati mamembala enieni, osati kutumizidwa ku gulu la amayi ophika tiyi.

Ndipo umembala usafere limodzi ndi msilikali. Mkazi amene mwamuna wake wafera pantchito amapatsidwa mbendera pamanda, mfuti zimalira, kenako patapita nthawi yochepa amayenera kutuluka m'nyumba ya kubalaki n'kuyamba kuyenda ndi mapepala kulondola ndalama za malemu, nthawi zina akulimbana ndi achibale a mwamuna ofuna katundu, ngakhale kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika kulanda katundu wa masiye pa mndandanda wa milandu. Mayi ameneyu akusowa anthu odziwa maofesi, amene angamuuze fomu yoyenera, n'kumuperekeza, n'kukaima naye pamaso pa achibale ngati mboni zoti malemu anali ndi anzake. Kalabu imene ingachite zimenezi, n'kuyendetsanso thumba la maliro, banki mkhonde ya mamembala ndi kandalama kothandizira fizi ya ana amasiye, idzakhala itapeza chifukwa chokhalira ndi mlonda pakhomo.

Kuyamba sikufuna nyumba ya nsanjika. M'matauni amene asilikali opuma amakonda kukhazikika, monga Zomba, Lilongwe, Mzuzu ndi Salima, chipinda chimodzi chobwereka chingakwanire chaka choyamba, bola pakhale kaundula wa mamembala, malamulo olembedwa ndi kulembetsedwa ku boma, tsiku lodziwika la msonkhano mwezi uliwonse, ndi mabuku a ndalama amene munthu wakunja amawafufuza chaka ndi chaka n'kuwawerenga pamaso pa onse. Akuluakulu a Malawi Defence Force angathandize m'njira imodzi yosavuta: msilikali aliyense amene akupuma, ndi mkazi kapena mwamuna wa aliyense amene wafera pantchito, apatsidwe pamodzi ndi makalata ake omaliza dzina la nthambi ya kufupi ndi kwawo, ndipo akavomereza, nthambiyo idziwitsidwe kuti kukubwera munthu wawo.